Kukwera ndege zotchipa ku Ulaya: mmene mungachitire kuti musalirire kuutsi

Munthu akaona tikiti ya mapaundi 20 yochokera ku London kupita ku Milan, amayamba wadzifunsa ngati ndegeyo ili yabwinobwino. Pamenepo mtima ukhale m'malo. Ryanair, easyJet ndi Wizz Air zimayendera malamulo a chitetezo omwewo amene British Airways ndi Lufthansa zimayendera, ndipo ndege zawo zambiri n'zatsopano. Kusiyana kuli kwina: mtengo wotsikawo ndi wa mpando basi, ndipo zinthu zikasokonekera, chipsinjo chachikulu chimagwera inu wokwera. Ndiye ntchito yonse ndi yodziwa pamene chipsinjocho chingakugwereni, n'kutsekeratu mipatayo musanalipire.

1. Dziwani komwe kutchipako kukuchokera

Makampaniwa amagula ndege za mtundu umodzi kuti oyendetsa ndi amakaniko asamasinthesinthe maphunziro ndi zipangizo. Ryanair imadalira kwambiri Boeing 737, pomwe easyJet ndi Wizz Air zimadalira Airbus A320 ndi zinzake za m'gulu lomwelo. Mipando amaithithika: 737-800 ya Ryanair imanyamula anthu 189. Ndege ikatera amafuna kuti pakatha mphindi ngati 25 ikhale itadzazanso n'kunyamuka, ndipo ndege imodzi yomweyo imapita n'kubwera kangapo patsiku.

China chachikulu n'chakuti amakutengani apa kukakutulani apo, nkhani yathera pomwepo. Nthawi zambiri alibe mgwirizano wolandirana okwera kapena katundu ndi makampani ena. Mavuto pafupifupi onse amene ali m'munsimu akuchokera pa zinthu ziwirizi, kuthamangitsana kwa maulendo ndi kusowa kwa mgwirizanowo.

2. Phatikizani mtengo wonse musanakopeke

Tengani pepala, lembani mtengo wa tikiti, kenako onjezani chilichonse chimene mukudziwa kuti mudzachifuna.

Chaulere ndi kachikwama kamodzi kolowa kunsi kwa mpando wa kutsogolo kwanu. Ku Ryanair ndi ku Wizz Air kasapitirire masentimita 40 x 30 x 20, ndipo ku easyJet ndi 45 x 36 x 20. Kasutikesi kamawilo koika m'kabati ya pamwamba n'kolipira: ku Ryanair ndi 55 x 40 x 20 kosaposa makilogalamu 10, ku easyJet ndi 56 x 45 x 25. Sutikesi yaikulu yopita kumimba kwa ndege, ya makilogalamu 20 kapena 23, nayo njolipira, ndipo si zachilendo kuti mtengo wake upose wa tikiti yeniyeniyo. Miyezo imeneyi amaisintha akafuna, Ryanair inasintha yake mu 2025, choncho iwerengeninso pa webusaiti ya kampaniyo tsiku logula.

Katundu mulipirireni nthawi yomweyo pogula tikiti. Mukamuonjezera pambuyo amakwera, pabwalo la ndege amakweranso, ndipo pageti ndiye pomwe amakumetani mpala.

Mpando wosankha nokha ndi wolipira. Ngati muli nokha paulendo wa maola awiri, musiyeni kompyuta akusankhireni. Ngati muli ndi ana, kwa zaka zingapo Ryanair yakhala ikufuna kuti wamkulu mmodzi alipirire mpando wake, kenako ana osakwana zaka 12 n'kuwapatsa mipando ya pafupi naye popanda malipiro ena, koma onaninso lamuloli tsiku logula. Tiyi, madzi ndi sangweji za m'ndege n'zogula.

Mukamaliza kuphatikiza, tsegulani mtengo wa British Airways, Aer Lingus, KLM kapena ina yaikulu pa tsiku lomwelo. Kusiyana kukatsala mapaundi 30 kapena 40 chabe, ndipo muli ndi sutikesi, kawirikawiri kampani yaikulu ndiyo yaphindu.

3. Yang'anani bwalo la ndege pa mapu

Dzina la mzinda lolembedwa pa tikiti lisakupusitseni. Paris Beauvais ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Paris, ndipo basi yake imatenga ola ndi mphindi zingapo. Frankfurt-Hahn ili makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Frankfurt. Milan Bergamo ili ku Bergamo, Brussels Charleroi ili ku Charleroi. Ngakhale London ili ndi mabwalo angapo otalikirana kwambiri: Ryanair inamanga maziko ku Stansted, easyJet ku Gatwick ndi Luton, Wizz Air makamaka ku Luton, pomwe ndege zambiri zopita ku Africa zimanyamukira ku Heathrow.

Onjezani mtengo wa basi kapena sitima, popita ndi pobwera, pa pepala lanu lija. Muonenso nthawi ya basi yomaliza. Kutera 11 koloko usiku pa kabwalo kakutchire basi yomaliza itapita, ndiye kuti takisi ikudyerani zonse zomwe munapulumutsa.

4. Sankhani ndege ya m'mawa, pa njira ya maulendo ambiri

Popeza ndege imodzi imayenda maulendo otsatizana popanda mpata wopumira, kuchedwa kumaunjikana. Mphindi 20 zotayika ku Dublin m'mawa zimasanduka ola masana, n'kufika maola awiri madzulo. Choipa kwambiri chimabwera usiku. Oyendetsa ndi othandiza m'ndege ali ndi malire a maola ogwira ntchito amene lamulo linaika, ndipo akakwana sanyamuka ngakhale ndege ili bwino. Mabwalo ena amatsekanso usiku pofuna kuchepetsa phokoso. N'chifukwa chake maulendo omaliza a tsiku ndiwo amalepherekeratu kawirikawiri. Ndege yonyamuka 6 kapena 7 koloko m'mawa imakhala itagona pabwalo pomwepo, anthu ake ali ndi maola awo onse. Kulawirira n'kowawa, koma ndiyo ndege yodalirika.

Muonenso kuti njirayo ili ndi maulendo angati. Pakati pa London ndi Dublin pali ndege zambiri tsiku lililonse, imodzi ikalephera akuikani pa ina. Njira yoyendedwa kawiri pa sabata ikalephera Lachisanu, mpando wotsatira ungapezeke Lachiwiri, ndipo poti ndege zotchipa zimayenda zodzaza, ngakhale umenewo mudzalimbirana ndi anthu oposa 150 omwe asiyidwa limodzi nanu.

Miyezi ya Julaye ndi Ogasiti ndiyo yovuta kwambiri, pamene mlengalenga mwa Ulaya mumadzaza. Ogwira ntchito yolondolera ndege ku France akanyanyala, zimakhudza ngakhale maulendo ongodutsa pamwamba pa dzikolo, monga ochokera ku Britain kupita ku Spain kapena ku Italy. Ngati mukupita ku ukwati, ku maliro, ku mayeso kapena kukafunsidwa mafunso a ntchito, nyamukani kutatsala tsiku lathunthu.

5. Kulumikiza ndege yotchipa ndi ulendo wautali: apa ndiye pagona nkhani

Tiyerekeze munthu wokhala ku Belfast kapena ku Glasgow akupita kumudzi. Wagula tikiti ya Ethiopian Airlines yochokera ku Heathrow kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Lilongwe, ndipo kuti akafike ku London wagula ya easyJet payokha. Amenewa ndi mapangano awiri osadziwana. EasyJet ikachedwa maola atatu n'kumuphonyetsa ndege ya ku Addis, sidzamugulira tikiti ina ya ku Malawi, ndipo Ethiopian idzangolemba kuti munthuyo sanabwere. Makampani akuluakulu ambiri akalemba choncho pa chigawo choyamba cha ulendo amafafaniza zigawo zonse zotsala, kuphatikizapo ulendo wobwerera. Mapaundi 40 opulumutsidwa aja atha kugwetsa tikiti ya mapaundi mahandiredi angapo.

Njira yotetezeka ndi kugula ulendo wonse pa tikiti imodzi, ya nambala imodzi, kuyambira kumzinda kwanu. Zikatero ndege yoyamba ikachedwa, ndi udindo wa kampaniyo kukuikani pa ina popanda kulipiranso, ndipo katundu amapita yekha mpaka kumapeto.

Ngati mwasankhabe kugula padera, chitani izi.

Siyani mpata waukulu. Pa bwalo lomwelo, maola osachepera anayi, chifukwa muyenera kutsika, kudikira sutikesi, kutuluka, kukaiperekanso ku kauntala ya kampani yachiwiri, n'kudutsanso poyezedwa ndi achitetezo. Ngati mukusintha bwalo, monga kuchoka ku Stansted kapena ku Luton kupita ku Heathrow, basi yokha ingadye maola awiri msewu wa M25 wozungulira London ukathina. Apo chanzeru n'kufika dzulo lake n'kugona kwa achibale kapena ku hotela ya pafupi.

Werengerani katundu wa ulendo wautaliwo. Tikiti yopita kumudzi nthawi zambiri imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23, koma ndege yotchipa idzakulipiritsani iliyonse payokha, popita ndi pobwera. Anthu ambiri akawerengera zimenezi amapeza kuti sitima kapena basi ya National Express ndiyo yotchipa.

Ganizirani za viza. Kutenga katundu n'kukamuperekanso kumatanthauza kulowa m'dzikolo kudzera ku imigireshoni. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen kuti mulowe France, Italy, Belgium kapena Germany, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwake. Mawebusaiti oyerekeza mitengo amakonda kusoka maulendo awiri osadziwana n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi wotchipa, n'kulemba mawu akuti self-transfer m'zilembo zazing'ono. Mukaona mawu amenewo, funso la viza liyankhidwe musanapitirire, apo ayi akubwezani pageti loyambirira.

Nkhani yomweyi ili ku South Africa kwa amene akuchokera ku Cape Town kapena ku Durban pa FlySafair kuti akakwere ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre ku Johannesburg. FlySafair ili ndi mbiri yosunga nthawi, koma tikiti yake yotsikitsitsa ilibe sutikesi, ndipo imatera mabwalo awiri, OR Tambo ndi Lanseria. Ndege zopita ku Malawi zimanyamukira ku OR Tambo. Wogula ya ku Lanseria mosazindikira ali ndi ulendo wina wa pagalimoto wodutsa mzinda wonse.

6. Gulani pa webusaiti ya kampani yeniyeniyo

Mawebusaiti oyerekeza mitengo agwiritseni ntchito pofufuza, koma polipira pitani kwa eni ake. Mukagula kudzera kwa wapakati, mauthenga a kusintha kwa nthawi amatha kupita ku imelo ya wapakatiyo, ndipo ndalama zobwezedwa zimadutsa m'manja mwake zisanakufikeni.

Dzina lilembeni mmene lilili m'pasipoti. Kukonza chilembo chimodzi kapena ziwiri nthawi zambiri n'kwaulere mukafulumira, koma kusintha dzina lonse ku Ryanair kumaposa mapaundi 100. Pogula adzakuonetsani masamba otsatizana a inshuwaransi, galimoto yobwereka ndi zina, werengani batani lililonse musanalidine.

Ngati muli ku Britain, lipirani ndi kirediti kadi. Gawo 75 la Consumer Credit Act ya 1974 limachititsa banki kukhala ndi udindo limodzi ndi wogulitsa pa chinthu cha mtengo woposa mapaundi 100, ndipo limagwira bwino mukagula mwachindunji. Makampani a ndege amagwa ndithu: Monarch inagwa mu Okutobala 2017, WOW air mu Malichi 2019, Flybe mu 2020 n'kugwanso mu Januwale 2023, ndipo ku South Africa, Comair, mwini wa Kulula, inaima mu 2022 anthu ali ndi matikiti m'manja. Chitetezo cha ATOL, ndondomeko ya ku Britain yoteteza ndalama za apaulendo kampani ikagwa, chimakhudza makamaka maulendo ogulidwa pamodzi ndi malo ogona, tikiti yogula yokha kwa kampani ya ndege siilowamo.

7. Check-in ichitikire pafoni, nthawi isanathe

Ku Ryanair, ngati simunagule mpando, check-in, kulembetsa kotsimikiza kuti mukwera ndegeyo, imatsegulidwa kutatsala maola 24 ndipo imatsekedwa kutatsala maola awiri. Mukaiphonya, pakauntala amakulipiritsani mapaundi kapena mayuro 55 munthu aliyense, banja la anthu anayi ndi 220 pa chinthu cha mphindi ziwiri. Tcherani alamu. EasyJet imatsegula kutatsala masiku 30. Kuyambira Novembala 2025, Ryanair imafuna boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) ya pafoni, ya mu apu yawo, kupatula m'malo ochepa monga Morocco komwe pepala likufunikabe. Choncho foni ikhale yodzaza moto, ndipo jambulani boarding pass pa sikirini kuti muitsegule ngakhale intaneti itavuta.

Pali china chokhudza ife oyenda ndi pasipoti yosakhala ya Britain kapena ya EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya). Kwa zaka zambiri Ryanair yakhala ikufuna kuti pasipoti ndi viza za anthu otere zionedwe ndi ogwira ntchito ake munthu asanadutse poyezedwa, ngakhale alibe sutikesi yopereka. Werengani zimene apu ikukuuzani mukamaliza check-in, ndipo ikanena kuti mupite ku kauntala, pitani. Kukafika pageti musanaonetse zikalata kungakusiyitseni ndege.

8. Pabwalo la ndege

Fikani kutatsala maola awiri. Kauntala yolandira masutikesi imatsekedwa kutatsala mphindi 40, m'mabwalo ena 60, ndipo geti limatsekedwa kutatsala mphindi 30. Mageti a ndege zotchipa amakhala kumapeto kwenikweni, ku Stansted kapena ku Gatwick kuyenda kokha kungatenge mphindi 15 mpaka 20.

Pageti pamakhala chibokosi chachitsulo choyezera zikwama. Mawilo ndi chogwirira zimawerengedwa, ndipo chikwama chiyenera kulowa chonse. Chikakana, malipiro ake ku Ryanair amafika mpaka mapaundi 75, ndipo kudandaula sikuthandiza, wogwira ntchitoyo ali kale ndi kamakina ka kadi m'manja. Chikwama chofewa cha kumsana n'chabwino kuposa cholimba chifukwa chimapanikizika. Chiyezeni kunyumba chitadzaza kale, poti matumba a m'mbali akafufuma amaonjezera masentimita. Kachikwama ka m'manja ka amayi nako kamawerengedwa ngati chikwama, kalowetseni m'kati mwa chinzakecho. Jekete yolemera ivaleni. Mankhwala, chaja, power bank ndi zikalata zikhale m'kachikwama kokhala nanu, ndipo tengani botolo lopanda kanthu mukadzaze madzi mutadutsa poyezedwa.

9. Ndege ikachedwa kapena ikalephereka

Apa ndi pomwe utumiki wa ndege zotchipa umaonekera kuchepa kwake. M'mabwalo ambiri anthu a pakauntala ndi a kampani ina yongolembedwa ganyu, alibe mphamvu zambiri, ndipo mzere umakhala wa anthu mahandiredi. Pa 28 Ogasiti 2023, makompyuta a NATS, bungwe lolondolera ndege ku Britain, atasokonekera, anthu oposa 700,000 anakhudzidwa, ndipo ambiri anadikira masiku kuti apeze mipando. Tsiku lotere amapulumuka ndi amene wafulumira pafoni. Uthenga ukangofika, tsegulani apu n'kusankha ndege ina muli chiimire pamzerepo, poti mipando yotsala imatha m'mphindi zochepa. Yang'ananinso mabwalo oyandikana nawo.

Lamulo lili kumbali yanu, ndipo silisiyanitsa tikiti yotchipa ndi yodula. Ku EU ndi Regulation 261/2004, ndipo Britain inasunga lofanana nalo itatuluka mu EU. Limakhudza ndege iliyonse yonyamukira kumeneko, komanso yofika kumeneko ngati ili ya kampani ya komweko.

Ulendo ukalephereka muli ndi ufulu wosankha: kubwezeredwa ndalama pasanathe masiku 7, kapena kupezeredwa ulendo wina mwamsanga. Musathamangire batani lobweza ndalama. Mukalidina, kampani yasamba m'manja, akubwezerani mapaundi 25 anu pomwe tikiti ya mawa lake yafika 250, ndipo hotela ndi yanu. Mukasankha ulendo wina, akuyenera kukusamalirani mpaka munyamuke, ndipo ngati iwo alibe mpando m'nthawi yoyenera, mungapemphe kuti akuikeni pa ndege ya kampani ina. Vocha simukukakamizidwa kuilandira m'malo mwa ndalama.

Chisamalirocho ndi chakudya ndi zakumwa pakatha maola awiri pa ulendo waufupi, atatu pa wapakati, anayi pa wautali, komanso malo ogona ndi mayendedwe ngati mwagonera. Chimenechi amayenera kupereka ngakhale chifukwa chake chili nyengo. Nthawi zambiri sipapezeka wokonza zimenezi, ndiye lipirani nokha zinthu za mtengo wabwino n'kusunga malisiti osonyeza chinthu chilichonse. Za mowa ndi hotela yapamwamba sabweza.

10. Kutenga chipukuta misozi

Mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, kapena ulendo ukalephereka atakudziwitsani kutatsala masiku osakwana 14, pali chipukuta misozi chotengera mtunda: mayuro 250 pa ulendo wosaposa makilomita 1,500, mayuro 400 mpaka makilomita 3,500, ndi mayuro 600 kuposa apo. Ku Britain ndi mapaundi 220, 350 ndi 520. London kupita ku Dublin kapena ku Milan ili m'gulu loyamba, London kupita ku Athens ili m'lachiwiri. Nthawi yofika imawerengedwa pamene chitseko cha ndege chatsegulidwa, osati pamene matayala agunda pansi, ndiye ngati mwachedwa pafupifupi maola atatu, lembani nthawiyo kapena jambulani. Ku South Africa kulibe lamulo loika ndalama zodziwikiratu ngati zimenezi.

Kampani siilipira ngati chifukwa chake sichinali m'manja mwake, monga mphepo yamkuntho, kunyanyala kwa olondolera ndege, kapena vuto ngati la NATS lija. Koma makhoti a ku Ulaya anagamula kuti kuwonongeka wamba kwa ndege, komanso kunyanyala kwa ogwira ntchito a kampani yomweyo, si zifukwa zothawira. N'chifukwa chake muyenera kufunsa pageti chimene chachedwetsa ndege n'kusunga mauthenga onse amene akutumizirani.

Lembani fomu ya pa webusaiti ya kampaniyo nokha, n'yaulere. Fomu ya chipukuta misozi ndi ya kubwezeredwa za malisiti nthawi zambiri zimakhala ziwiri zosiyana, lembani zonse. Makampani okutolererani ndalamazi amadulapo gawo lalikulu pa ntchito yomwe mukanaichita nokha m'mphindi 15. Akakana, kapena pakatha masabata 8 osayankha zomveka, pitani ku bungwe loweruza madandaulo limene kampaniyo inalembetsako, mayina ake ali pa webusaiti ya Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege ku Britain. Ku England ndi Wales muli ndi zaka 6 zotsatira nkhaniyo, ku Scotland zaka 5.

Sutikesi ikasowa kapena ikasweka, lamulo lake ndi lina, Montreal Convention ya 1999. Musatuluke m'chipinda cholandirira katundu musanalembetse lipoti lotchedwa PIR pa desiki ya katundu wosowa, ndipo kapepala komata kamene anakupatsani popereka sutikesi kasungeni, nambala yake ndiyo amafufuzira. Lipotilo palokha si dandaulo. Dandaulo lolemba lifike ku kampani pasanathe masiku 7 ngati sutikesi yasweka, kapena pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwailandira ngati inachedwa, pamodzi ndi zithunzi ndi malisiti a zovala ndi sopo zimene munagula podikira.